Penti yasanduka chambiko

Lachinayi, Okutobala. Lero ndadzichititsa manyazi.

Apongozi anga, mkazi wa mwana wanga, mayi a Tadala, anatenga kansalu ka chitenje cha malemu mayi awo n'kupita nako kusitolo kuti akawasakanizire penti ya mtundu womwewo, wofiira ngati katondo. Akufuna kupaka zitsulo zovundikira hita yotenthetsera nyumba, zija zili m'munsi mwa khoma pabalaza, alendo ochokera mumzinda wa South Bend asanafike Loweruka.

Apongoziwo atapita kuntchito kuchipatala, ndinati ndithandizeko, poti kungokhala m'nyumba ya mwana wanga ngati mlendo kwanditopetsa. Ndinachotsa zitsulozo n'kuzikwecha bwinobwino. Pentiyo ndinaiona yolimba, ndiye ndinathiramo parafini wa m'galaja, monga tinkachitira ku Balaka popaka mageti. Sindinadziwe kuti ndi penti yamadzi, poti zolemba pachitini n'zachingerezi. Yonse inagwirana mibulumibulu ngati chambiko. Mwamantha ndinapakabe chitsulo chimodzi, kuti mwina isalala ikauma. Chikuoneka ngati chagwidwa ndi mphere.

Atabwerako anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandigwadira n'kunena kuti, "Mwagwira ntchito, bambo. Mwina akusitolo ndi amene sanaisakanize bwino."

Ine ndinangoti, "Mwina."

Liwu limenelo ndi limene likundidya mumtima. Akuti mawa abweza chitinicho, ndipo akusitolowo akangochitsegula, fungo la parafini likawachititsa manyazi apongozi anga pagulu, pa mlandu wanga. Ndiyenera kuwauza asananyamuke. Ndayeserera kawiri kuchipinda kuno. Koma pamaso pa apongozi, sindikudziwa ngati pakamwa panga...