Makapu Awiri a Achimwene

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi bondo la amayi lija laphwa? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ukuwira.

Ndikadali ku kampani yojambula masewero a pa kanema ija. Zaka zinayi za ku yunivesite zinandipezera desiki ya pafupi ndi chimbudzi, pomwe ndimawongola mawu a osewera. Pano tikujambula sewero la asilikali opuma amene moyo wa anthu wamba wawakanika, ndiye asanduka mbava ndi zigawenga. Abwana otsogolera seweroli sanagwirepo ngakhale legeni, koma akuti msilikali amamudziwa mpaka m'chiwindi.

Tsiku lina pamsonkhano ndinawauza kuti asilikali awowo akungokuwa ndi kuswa mabotolo ngati zidakwa za paukwati, pomwe msilikali weniweni amavutika mwakachetechete. Atanditsutsa, ndinapsa mtima n'kutchula za achimwene: kuti m'mawa uliwonse amathira tiyi m'makapu awiri, ina yawo, ina ya mnzawo amene anafera pambali pawo kunkhondo uja, ndipo ya mnzawoyo ikazizira amakaikhuthula patsinde pa mtengo. Abwana anaomba m'manja, nati digiri yanga yayamba kubala zipatso. Ine, chitsiru chophunzira, ndinatupa ngati finye.

Dzulo ndinaona gawo latsopano la seweroli atalimaliza. Achemwali, makapu aja awapatsa chigawenga chopha anthu! Chikapha munthu chimakhala m'khitchini mwake n'kuthira tiyi m'makapu awiri, ndipo wapolisi wofufuza akuchigwira ndi chizindikiro chomwecho. Ndinalowa mu ofesi ya abwana osagogoda, n'kuwauza kuti amenewo ndi maliro a munthu, si nyambo yokolera owonera. Iwo, akutokosa m'mano, anati msilikali wongomwa tiyi mwamtendere sagulitsa sopo, ndipo otsatsa malonda alikonda kale gawolo. Anawonjeza kuti achimwene akadandaula adzawalemba dzina kumapeto powathokoza. Ndinatuluka ndisanawagende ndi kapu yawo yomwe.

Nkhawa yanga nayi. Kwathuko ndani sawadziwa makapu amenewa? Achimwene amathira tiyi wawo pageti pa sukulu pomwe amalondera, ana akulowa. Ulonda umenewo anaupempha zaka zitatu, aphunzitsi aakulu akuzengereza poti munthu wochokera kunkhondo mutu wake sudziwika. Gawoli lionetsedwa Lachinayi sabata yamawa. Lachisanu m'mawa makolo aja, amene amakhulupirira kanema kuposa abusa, adzapeza mlonda ali ndi makapu awiri pafupi ndi ana awo. Ntchito ikawathera, achimwene adzabwerera kukadzitsekera kuchipinda kuja, kumene tinavutika kuwatulutsa.

Madzi akatayika saoleka. Poyamba ndinafuna ndikupempheni kuti muzule waya wa kanema, koma simungazule mawaya a dera lonse. Ndinalembanso zoti muwauze achimwene azimwera kaye m'kapu imodzi, kenako ndafufuta. Mnzawoyo anafa kale kamodzi, sindingamuphenso ine pofuna kubisa manyazi anga.

Pempho langa ndi ili. Lachinayi lisanafike muwawerengere achimwene kalatayi muli awiri, amve kwa ine, osati kwa kanema, kuti pakamwa pamene panagulitsa chisoni chawo ndi panga. Akalola, mupite nayo kwa aphunzitsi aakulu, aone okha kuti chigawengacho chinabadwira pa desiki yanga, osati pageti pawo.

Ine ndapempha tchuthi. Lachisanu m'mawa, makolo akamafika, ndidzakhala pagetipo. Ngati achimwene andilola kukhala nawo pabenchi, kapu yachitatu ndibwera nayo ndekha.

Mupereke moni kwa amayi, alamu, azakhali ndi ana onse. Wa achimwene musapereke, ndidzapereka ndekha ngati adzaulandira.

Ndine mlongo wanu wolongolola uja,
Wadigiri