Abambo Saloledwa Kulowa Muno

Lolemba, 9 Juni

Abambo saloledwa kulowa m'chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane. Zalembedwa pachitseko, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, chidindo cha chipatala pansi pake. Ndawerenga, ndamvera, ndakhala pabenchi.

Mkazi wanga Esnati amuchita opaleshoni dzulo. Kuthamanga kwa magazi, miyendo kutupa, m'maso chidima. Mimba ya miyezi isanu ndi iwiri basi. Mwana wamkazi, kilo imodzi ndi magalamu mazana awiri. Kumsika ndimagulitsa misomali, kilo ndimaidziwa m'manja osayang'ana sikelo. Sindinkadziwa kuti mungakwane munthu.

Ndamuonera pazenera, ali m'bokosi lagalasi lotenthetsa. Wofiira. Khungu ngati pepala lonyowa, mitsempha yonse poyera. Koma zikhadabo zilipo, zonse. Mapapo sanathe kupangika, akutero. Ndiye ndani anapeza nthawi yomaliza zikhadabo?

Lachiwiri, 10 Juni

Apongozi afika kuchokera ku Mitundu. Tapatsana moni monga mwa nthawi zonse: iwo kuyang'ana kukhoma, ine kuyang'ana nsapato zanga. Chikwatirireni mwana wawo, nkhope yawo sindinaionepo pafupi. Ulemu wake ndi umenewo.

Zomutcha mwana dzina akana. “Musafulumire, kanthuka sikanasankhe kukhala.”

M'mphuno muli timapaipi ta mpweya, pambali botolo la madzi likungobwata. Kapaipi kena kopita m'mimba, poti kuyamwa sakudziwa. Esnati akufinyira mkaka m'kakapu, madontho osadzaza supuni. Anamwino aakulu, a Zikhale, anakanyamula ndi manja awiri ngati mgonero wa kutchalitchi. Ati mankhwala enieni ndi amenewo, makinawa n'ngothandizira chabe.

Lachinayi, 12 Juni

Chikasu. Amuika pansi pa nyale yabuluu, maso omanga ndi kansalu. Wagona chagada, mwendo pamwamba pa unzake, ngati bwana wa ku Area 10 pakapinga.

A Zikhale andiuza kuti ana otere amaiwala kupuma. Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Ine ndinaiwalapo makiyi, ndinaiwalapo ambulera m'minibasi. Kupuma? Koma ndaona ndi maso anga pazenera pomwepo. Kachifuwa zii. Milomo kuda. Iwo osathamanga, osakuwa. Chala chimodzi, kusisita kuphazi. Kachifuwa kanadzuka.

Ndinapezeka nditagwada pasimenti. Sindikudziwa kuti ndinagwada nthawi yanji.

Lamlungu, 15 Juni

Za mpweya achotsa, nyale athimitsa. M'bokosi amutulutsa, poti kwabwera wina wochepa kuposa iye. Kani alipo ochepa kuposa apa.

Tsopano ndi kangaru. Mwana wavala thewera ndi kachipewa kaubweya basi, wagona pachifuwa pa mayi wake, khungu pakhungu, chitenje chomanga pamwamba. Usana ndi usiku. Makina a mamiliyoni awapumitsa, ntchito yawo aipatsa Esnati, mkazi amene amadandaula kuzizira ngakhale mu Okutobala.

Sikelo yatsika pang'ono. Akuti zimatero. Ine sikelo yotsika sinandisangalatsepo.

Lachitatu, 18 Juni

Bala la Esnati lachita mafinya. Thupi moto, akunjenjemera. Amusamutsira ku wodi ina, diripi pamkono. Apongozi akanalowa m'malo mwake, koma ali ndi chimfine, akutsokomola. Anamwino awaletsa ngakhale kuyandikira chitseko. Mabokosi onse ali ndi eni ake, ena awiriawiri. Kunjaku mphepo ya Juni.

Pofika masana mwana wazizira, mkaka ukubwerera. Ndinati ndithamangire kumsika ndikagule bulangete lochindikala. A Zikhale anapukusa mutu: bulangete limasunga kutentha, silipanga, ndipo mwana wotere alibe moto wakewake. Akazizira shuga amatsika, kupuma kumasiya. Kenaka anandiyang'ana momwe ndimayang'anira thabwa ndisanaligule. “Bambo, vulani malaya.”

Ndinawalozera chikwangwani cha pachitseko chija. “Chimenecho chikadzayamba kufunda tidzamangirira mwana pomwepo,” anatero.

Apongozi ndiwo anaima pakati. Kwathu mwamuna sagwira mwana wa m'chikuta. Ngati anayendapo kunja kwa banja, mwana amatsempheka, amatupa, amapita. Iwo amakhulupirira zimenezi monga ine ndikhulupirira sikelo. Anatembenuka. Anandiyang'ana m'maso, koyamba. Kani maso a Esnati ndi awo.

“Akamwini, pamaso pa Mulungu. Munayendapo?”

Ndinati ayi. Anapitiriza kundiyang'ana, nthawi yokwanira kuti wabodza agwe. Kenaka anasolola chitenje chochapa m'chikwama. Pakhonde pomwepo, anthu akudutsa, anandiika botolo la madzi pachifuwa m'malo mwa mwana, n'kundionetsa kamangidwe kake. Manja a apongozi pamsana panga. “Mfundo ikhale kumbali, kumsana ikupwetekani. Ndipo mfundo zanu zomangira katoni ayi.”

Ndinawenga zikhadabo, ndinasamba m'manja mpaka m'zigongono. Dzimbiri la misomali silichoka msanga.

Lachinayi, 19 Juni

Mpando wanga uli pakona, kuseri kwa katani. Kugona chogona n'koletsedwa, ndi chotsamira basi.

Sindikudziwa ndilembe bwanji. Kulemera palibe. Chimene ukumva ndi mtima, wothamanga ngati wa mwanapiye m'dzanja. Miyendo wapinda ngati chule, tsaya pamtima panga. Atamuyeza patapita kanthawi, kutentha kunali kutabwerera m'malo mwake. Ine sindinachite kanthu. Ndinangokhala pansi. Moyo wanga wonse thupi ili lakhala likupanga moto, ine n'kumauwononga m'majekete.

Azimayi a ana ena, mbali inayo ya katani, sakundipatsa mpata. “Amayi a ndevu, mkaka watuluka?” Wina akuti ndikawauze amuna awo kuti ntchito ilipo kuno.

Masana mwana anaiwala kupuma ali pa ine. Ndinamva ndi khungu ndisanaone ndi maso: chete wa mtundu wina. Chala changa chinapita chokha kuphazi, monga ndinaonera pazenera. Kusisita. Kusisitanso. Anakoka mpweya, n'kukwinya nkhope ngati ndamusokoneza pa nkhani yofunika.

Anamwino atabwera anamuyeza, nati ndachita bwino.

Lachitatu, 25 Juni

Masiku apitawa sindinalembe. Dzanja lamanja limakhala pansi pa kamsana.

Benchi langa kumsika lili pansi pa lona. Makasitomala aphunzire kugula kwa anzanga. Msana wauma, m'maso mchenga. Mkaka wa Esnati umabwera m'kapu yovundikira kuchokera ku wodi yake. Dzulo kapaipi kopita m'mimba kaja akachotsa. Akumwera m'kakapu, kunyambita ndi lilime ngati mwana wa mphaka, kumeza, kupuma, osasokoneza. Zinthu zitatu nthawi imodzi. Palibe anamuphunzitsa.

Sikelo: kilo imodzi ndi magalamu mazana anayi. Ndinapempha kuti abwereze. Chizolowezi cha ntchito.

Lero Esnati wabwera yekha, akukoka mapazi, wagwira khoma. Atandiona m'chitenje cha mayi ake anayamba kuseka, n'kugwira pabala, kuseka kuja n'kusanduka kulira. Mawa ayamba kumunyamula pang'onopang'ono. Tizisinthana mpaka mphamvu zibwerere.

Apongozi anagogoda pazenera. Abwerera kuyang'ana kumbali, monga kale. Anayankhula ndi feremu ya zenera: “Kasankha kameneko. Ndi Chithokozo.”

Lachinayi, 26 Juni

Okolopa apukuta chitseko m'mawa uno. Chikwangwani chikuwala, chilembo chilichonse chikuoneka bwino: abambo saloledwa kulowa muno.

Ndikulemba ndili mkati. Chithokozo ali pachifuwa, akupuma.