Siteji ya Amayi Akuitcha pa Loji

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Kunatentha koopsa, ndipo mtima wanga sunatsikebe.

Lero ndinapita ku Liwonde koyamba chitisamutsireni ku Utale. Tikuyandikira kwathu kwakale, ndinauza kondakitala kuti nditsika pa Che Asiyatu.

"Ndi pati pamenepo, mayi?"

"Pamtengo wa bwemba paja."

"Ooo, pa Loji! Muzinena bwino."

Ndizinena bwino ine? Che Asiyatu ndi amayi anga. Anakazinga mandasi pansi pa mtengo umenewo mpaka maso anafiira ndi utsi, ndipo madalaivala ankaima okha osauzidwa. Sitejiyo inatenga dzina lawo. Lero wina angomanga mpanda, dzina n'kufufutika?

Mtengowo anausiya mkati mwa mpanda. Aukoleka timagetsi, alendo akumwera pamthunzi pake. Ndinapempha mlonda kuti ndingouona pafupi, poti mchombo wanga anaukwirira pamenepo. Iye anati, "Iyayi mayi, muno salowa wamba." Ine wamba, pakhomo pomwe ndinabadwira!

Anthu amene anabwera ndi tepi kudzayeza malo athu asanatisamutse ankati malo ndi malo, ku Utale atipatsa okulirapo. N'zoona, ndi okulirapo. Koma kumeneko mpaka lero amatitcha obwera. Tepi yawoyo inayeza dothi lokha.

Chikundiwawa kwambiri si kondakitala kapena mlonda. Ndili chiimire pageti, achimwene anaimba foni kufunsa pomwe ndinali kuti adzanditenge panjinga. Ndinayankha msanga, osaganiza n'komwe.

"Ndili pa Loji."

Ndi pakamwa panga pomwe. Amayi, ine mwana wanu...