Ndinapempha Phukusi M'chizungu

Okondedwa achimwene a Yohane,

Landirani moni wanga mwaulemu. Kuno ku Chitawira tili bwino, koma mwendo wa abambo ukadali wotupa, choncho wokatenga phukusi munatumiza lija ndinali ine.

Tinamva kuti kalaliki wa pasiteshoni ya Limbe ndi mzungu wosamva Chinyanja, ndipo katundu akakhalitsa amabwezedwa. Ndinapita kwa aphunzitsi a kumishoni, iwo nandiphunzitsa mawu akuti "give", ndiko kupatsa. Pofuna madzi umati "give me water", pobwereka khasu "give me the hoe". Ndinkayeserera ndikusinja, mpaka amayi anafunsa kuti, "Iwe Esinati, mtondowo wakulakwira chiyani?"

Nditafika pawindo ndinagwada monga timachitira kwa akuluakulu, n'kunena kuti, "Please give me my parcel." Mzunguyo anamva mawu, koma munthu osamuona. Anasuzumira pansi n'kundipeza chogwada, kapepala kotengera phukusi kali m'manja. Anaseka, inenso ndinaseka mwamanyazi, kenaka anatuluka kudzandipatsa yekha. Bulangeti limene linali m'phukusimo abambo akufunda, ndipo aliyense wodzawazonda akumuuza kuti mwana wawo amayankhula ndi azungu.

Mukamayankha, mundilembereko mawu ena achizungu oti ndiphunzire. Mulungu akusungeni kumigodiko.

Ine mlongo wanu,
Esinati