Akufuna Kundidula Chifu

Amayi, kaya kumeneko mukupeza bwanji? Kuno ku Biriwiri tilipo ndithu, ngakhale chisanu cha chaka chino chatiwaulira kabichi yense kudimba lakumunsi. Kachewere yekha ndiye wachita bwino, moti akamwini anu, bambo a Chikondi, akungokhalira kupita naye ku Lizulu. Mdzukulu wanu Chikondi anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi. Mphuno ndi yanu yomwe ija. Denga la khitchini linasasuka ndi mphepo, koma takonza.

Chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi thupi langali. Paja mukandiona ndikubwera munkauza anzanu kuti, "Nelesi wanga ndiye amasungidwa bwino, taonani mikonoyo." Chichokereni inu, thupi lija silinasiye kukula. Pokwera kuchokera kudimba ndimapumira pa mwala uliwonse. Chaka chatha kuchipatala atandikweza pa sikelo, muvi unafika kumapeto n'kuima, namwino n'kungoti, "Mayi, tsikani." Anandipeza ndi shuga komanso bipi. Kulemera kwanga ndinakakudziwira ku Lizulu, pa sikelo ya matumba kuseri kwa golosale ya Che Saidi, akazi awo atatseka chitseko kuti anthu asaone. Nambala imene inatuluka sindinaivomere. Masikelo a pamsika mumawadziwa.

Sindikudziwa amene anakauza mwana wanu Limbani ku Joni, koma pasanapite nthawi ndinangoona watulukira. Sanadikire ngakhale madzi osamba.

"Achemwali," anatero, "kumene ndikukhalako kuli madokotala amene amadula chifu n'kusiya kachigawo kochepa. Munthu amadya pang'ono n'kukhuta, thupi n'kumatsika. Ena ngakhale shuga amawasiya. Pasipoti ndi zonse zofunika musiyire ine."

Ndinamufunsa kuti chifu chodulidwacho amapita nacho kuti. Iye anaseka, ine osaseka. Anandionetsa pafoni zithunzi ziwiri za mayi wina, china ali chimunthu ngati ine, china ali wowonda atavala buluku. Ndinaziyang'anitsitsa. Makutu anali osiyana, Amayi. Iye akuti ndi kajambulidwe.

Tsono tandiuzani. Limbani ameneyu sanabwere pomanga chiliza chanu. Foni amaimba mwa apo ndi apo. Lero chikondi chotere chachokera kuti? Ndinayamba kuganiza kuti mwina kuchipatalako amamupatsa kangachepe akabweretsa munthu, monga amachitira oitanira minibasi. Ndinaganizanso za dimba lanu lija, limene mlamu wanga, mkazi wa Limbani, analiyamikira kwambiri tsiku la maliro anu, anthu tikulira. Munthu amene wapita kukagona pa tebulo la opareshoni kudziko la eni, ndani akudziwa ngati abwerere atakhala pampando kapena ali m'bokosi? Munkakonda kunena kuti mlendo akayamikira mbuzi yako uimangirire pafupi ndi khomo. Ndinamukanira, ndipo anabwerera ku Joni nkhope ili gwa.

Komabe mtima sunakhazikike, choncho ndinapita kuboma kukaonana ndi dokotala. Ndinapeza mtsikana wamng'ono, msinkhu wa Chikondi. Ndinkayembekeza kuti anena kuti za Limbani ndi zabodza. Ayi. Anati opareshoniyo iliko, ndipo anthu a thupi ngati langa ambiri imawathandiza, koma mpeni ndi mpeni, zovuta zimatha kuchitika. Anati ukadulidwa sumadyanso ngati kale mpaka kufa, umamwa mavitamini moyo wonse, ndipo umayenera kumaonedwa ndi dokotala pafupipafupi. Za kusala zakudya ndi kuyenda anati n'zofunika kaya ndidulidwe kaya ndisadulidwe, zimatsitsa shuga, koma pa thupi lalikulu chonchi ambiri amatsika kenaka n'kubwereranso.

"Ndiye inu mukuti nditani?" ndinafunsa.

"Thupi ndi lanu, mayi. Ine ndakuuzani mbali zonse."

Ndinatuluka ndikudzifunsa ngati Limbani sanamuimbire foni.

Ndinasankha njira imene sifuna pasipoti. Tiyi wopanda shuga. Mandasi ndi tchipisi za pa Lizulu ndinatsanzikana nazo. Ufa woyera ndinausiya, n'kuyamba mgaiwa mtanda umodzi, mbale n'kudzaza mpiru ndi nyemba. M'mamawa uliwonse ndinkayenda kukafika kumsewu waukulu n'kubwerera. Masiku oyamba ndinkalira ndi mawondo, koma itapita miyezi, diresi la kumvano lija linayamba kukhwepa. Ndinkagona osabanika.

Apa m'pamene anthu anayamba kundiyang'ana. Kutchalitchi azimayi ankandipatsa moni maso ali pakhosi panga. Mnzanu wakale uja, a Nangozo, anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Mwana wanga, masiku ano mankhwala alipo, palibe chamanyazi. Unakayezetsa?" Ndinawauza kuti ndikuchepetsa thupi dala. Anagwedeza mutu mondimvera chisoni, ndipo pofika Lamulungu lotsatira mudzi wonse unali utandipezera matenda. Nawonso akamwini anu anayamba kufunsa kuti, "Kodi kumsewuko mbandakucha uliwonse kumakhala ndani?" Tsiku lina ananditsatira akubisala m'mabulugama. Ndinawaona, koma ndinangokhala ngati sindinaone. Anakandipeza ndili ndekhandekha pa mlatho, ndikupuma ngati ng'ombe ya pangolo. Anachita manyazi, koma kupepesa ndiye ayi.

Kenaka mvula inagwa. Njira inaterera, bondo lakumanzere linatupa, ndinakhala pakhonde nyengo yonse ya dzinja. Munthu wongokhala njala imamupeza msanga, komanso ndinatopa ndi maso a anthu. Pofika nthawi yokolola diresi lija linali litathinanso. A Nangozo anandiyamikira kuti ndachira.

Chimene chinandipweteka kwambiri chachitika posachedwapa. Ndinati ndibereke khandalo, monga munkaberekera Chikondi. Chitenje sichinakumane kutsogolo. Chikondi analumikiza ziwiri, tinamanga, ndinadzuka. Ndisanafike ngakhale pamtondo, bondo linangoti fwo, ndinagwa chokhala. Mwana sanavulale, Mulungu ngwabwino. Chikondi anabwera pamene ndinagwerapo. Anangomumasula kumsana kwanga mofatsa, n'kulowa naye m'nyumba. Chiyambire tsiku limenelo, akamapita kumjigo amamutenga, ngakhale ine ndili pompo.

Sabata yatha Limbani anabweranso, akuti kudzaona mwana. Ndinadziwa kuti nkhani ija aiyambanso, ndiye ndinamuyambirira ndine. Tinali awiri kuseri kwa nkhokwe, ndikusankha mbewu ya kachewere.

"Limbani, undiuze chilungamo. Ine ndikadulidwa, iwe upezapo chiyani? Ngati ndi dimba, nena, tigawane ndili moyo."

Anatembenuzatembenuza mbatata m'manja.

"Achemwali, shuga atawaoletsa phazi amayi, inu munatsala kuno ndi ana. Kuchipatala wosainira kuti awadule mwendo ndinali ine. Atatsitsimuka anandiitana n'kunena kuti, 'Limbani, tandikande kuphaziko, kukuyabwa.' Ndinakanda bulangete, pamalo popanda kanthu, iwo n'kumati zikomo. Mpaka lero kumanda kwawo ndimalephera kufikako." Anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete. "Chilonda chili pachala chanucho ndachiona dzulo mukusamba m'mapazi. Ine cholembera chija sindikufuna kuchigwiranso."

Amayi, zimenezi simunandiuzepo. Ndinabisa phazi langa pansi pa chitenje ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Chilondacho n'chaching'ono, chinayamba ndi nsapato yothina, koma chikuchedwa kupola, ndipo ndinali ndisanauze munthu aliyense.

Misozi yake ndaikhulupirira. Koma misozi ya Limbani si imene idzagwire mpeni, ndipo anthu a pafoni yake aja sindikuwakhulupirirabe. Mwina iyeyo mtima wake uli bwino koma akunamizidwa. Choncho tagwirizana chonchi. Chala ndakaonetsa kale kuboma, akuchitsuka. Dokotala wamng'ono uja wandilembera kalata yoti ndikaonane ndi akuluakulu a za matenda amenewa ku Lilongwe, osati a ku Joni osankhidwa ndi Limbani. Ndikakafika ndikafunsa zonse, ngakhale atope nane. Ndamuuzanso Limbani kuti andipezere munthu wamoyo amene anadulidwa kalekale, osati chithunzi. Ndikufuna ndikhale naye pamphasa, ndione chipsera chake, ndione mmene amadyera pamaliro ndi paukwati, ndimufunse ngati usiku sadandaula. Akakandikhutiritsa, mwina ndidzavomera. Akapanda kutero, chifu changa ndidzapita nacho kumanda chathunthu. Pakadali pano shuga ndamuchotsanso m'tiyi, ndipo chala chikangopola ndiyambiranso kuyenda, anene zimene anganene.

Sindikudziwa kuti inu mukanati chiyani. Mwina mukanati ndisiye thupi mmene Mulungu analipangira. Koma inu munagona m'chipatala muja, mukudziwa zimene ine sindikudziwa, ndipo ndikukayika ngati lero mukananyadirabe mikono yangayi.

Mupereke moni kwa abambo. Ndikukulonjezani kuti mvula isanagwe ndibwera kudzalambula pamanda panu. Limbani ndimugwira dzanja, afune asafune, ndipo chitunda cha kumanda chija ndidzakwera ndi miyendo yanga iwiri.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Nelesi