Mbewu Yofiira ndi Mazira a Towela

6 Januwale 2024
Mvula tsiku lonse. Mbewu ya chimanga yotsala pobzala, yofiira ndi mankhwala, amuna anga a Haswell akuti tisataye. Gaga wakwera mtengo ku boma, nanga titani. Ndatsuka, ndatsuka mpaka madzi kuyera. Kuyanika m'khitchini, mawa kuchigayo, idzakhala ya nkhuku.

14 Januwale
Nkhuku zikuchita kulimbirana chakudyacho. Mazira mbwee. Mkamwana wanga Towela, mkazi wa mwana wanga, mimba yakula ndithu. Amake amamuletsa mazira, ati mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Zaziii! M'mawa uliwonse ndimamuphikira ndekha, n'kuima pomwepo mpaka ameze.

25 Januwale
Thadzi lafa, zina zikuyenda ngati zaledzera. Chitopa ayi, chitopa ndimachidziwa. A Amock a zaziweto abwera panjinga, afunsa zomwe ndikupatsa nkhuku.  Akuti mankhwala a mbewu satheratu ndi madzi. Nkhuku ikadya amalowa m'magazi, m'nyama, mpaka m'dzira. "Mukati mwenimweni, amama. Osadya, osagulitsa."

26 Januwale
Ndaswa dzira limodzi m'mbale, ndaliyang'anitsitsa padzuwa. Lokongola bwinobwino. Fungo palibe. Chigoba chopanda ngakhale kabowo ka singano! Ndiye chinthu chichoke m'thumba la kusitolo, chidutse m'madzi anga, m'chigayo, m'mimba mwa nkhuku, chikapezeke mmenemu? Ndakhala pansi. Ndagoma, ndaopanso. Mulungu anazilumikiza zinthuzi moopsa, ife timangoona kunja kokha.
Mazira onse ndakwirira kuseri kwa khola, mozama, agalu angafukule. 

29 Januwale
Kuchipatala ndi Towela. Anamwino amuyeza, akuti mtima wa mwana ukugunda bwino, koma tizibwera pafupipafupi, zina sizioneka msanga. Amake a Towela sanamvebe za mazirawa. Ndidzayambira pati?
Pobwerera, m'minibasi yodzaza, Towela wagwira dzanja langa, waliika pamimba pake. Kamwana kakukankha. Kukankha chikhatho changa chenichenichi, mwamphamvu! Kamunthu kosaona dzuwa, koma chomwe mayi wameza nakonso kameza, njira yake yomweyo. Ndimafuna kunena pepa.
Iye wangoti, "Amama, mwamumva?"
Ndamumva. Dzanja sindinachotse mpaka pa Mwase, kondakitala wachita kutikumbutsa kuti titsike.