Ndikafunse Kaye Abambo

Dennistoun, Glasgow

Okondedwa achemwali a Flossie,

Muli bwanji ku Zomba? Mwendo uja unasiya kutupa? Ife tili bwino, kungoti mvula ya kuno sidziwa kukata.

Achemwali, mutu wanga sukugwira. Mwana wanu Sibongile akuphunzira kuyunivesite mabuku akale a kuno, a nthawi ya Mfumukazi Vikitoria. Loweruka anandikhazika pansi kuti ndimve zomwe walemba. Akuti m'nkhani zimenezo mkazi akakwatiwa, katundu wake ngakhale ana amakhala a mwamuna. Wina akafuna kudziimira payekha, amamutsekera m'chipinda ati wapenga.

Ine ndinaseka. Ndinamuuza kuti amenewo anali mavuto a azungu, kwathu mwamuna ndi mkamwini, akavuta amanyamula chikwama chake n'kubwerera kwawo.

Iye sanaseke. Anandifunsa m'Chingerezi chake chothamanga chija kuti nanga bwanji abusa atandipempha kukhala mkulu wa mpingo ndinayankha kuti ndikafunse kaye abambo kunyumba. Ndinaterodi, ndinapindanso mawondo, mpaka abusa achizunguwo anayang'ana pansi poganiza kuti ndagwetsa kanthu.

Chondizunguza mutu n'chakuti alamu anu a Goodwill sanandiletse. Anangoti ndichite zomwe mtima wanga ukufuna, n'kupitiriza kutsuka mbale. Ndinakwiya zedi! Ndinkafuna andiuze kuti inde kapena ayi. Akazi a m'mabuku aja anali ndi wowatsekera chitseko. Changa n'chotsegula koma miyendo ikukana. Ndiye wanditsekera ndani?

Ndimakumbukira inuyo pa chilangizo changa mukundiuza kuti mkazi satsogola. Sindikukudzudzulani, nanunso munachita kuuzidwa. Koma ndinene poyera, udindowu ndikuufuna, ndipo abusa akufuna yankho Lamulungu, apo ayi asankha wina.

Ndinayamba kalatayi kuti ndikupempheni mundilole. Sibongile wasuzumira paphewa panga n'kufunsa kuti tsopano ndikupemphanso chilolezo kwa ndani. Wandikumbutsanso kuti kalatayi idzakupezani Lamulungu litadutsa kale. Ndiye kuti kutchalitchi ndikayankha ndekha, ndipo mpaka pano sindikudziwa kuti pakamwa panga padzatuluka chiyani.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa alamu a Matthews ndi ana onse. Yankho lanu lembanibe, ndidzaliwerenga nditayankha kale.

Ndine mng'ono wanu,
Matilda